Mayina atuluka: mwana apite ku bodingi, ku CDSS, ku open, kapena abwereze?

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zafika, pabwalo la sukulu pamadzaza anthu kuposa tsiku lotsekera. Ahedi amamata mapepala pakhoma la ofesi, ana n'kumakankhana, aliyense akuyendetsa chala pamzere kufunafuna dzina lake. Ine ndaimapo katatu pakhoma loterolo: kawiri chifukwa cha ana anga, kachitatu chifukwa cha mwana wa malemu mng'ono wanga amene ndinamulera. Ulendo uliwonse ndinabwerera kunyumba ndi nkhani yosiyana, ndipo zimene ndinaona ndi zimene ndikufuna tikambirane, makolo anzanga.

Kwathu kuno kholo silisankha sekondale ya boma ngati mmene limasankhira chitenje pamsika. Mwana amalemba PSLCE, mayeso omaliza a Sitandade 8, a bungwe la mayeso la MANEB ku Zomba amachonga, kenako Unduna wa Zamaphunziro umagawa malo potengera mmene mwana wakhozera. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu za nashonolo, otsatira amapita ku sekondale za m'boma lawo, zogonera komweko kapena zoyendera, ndipo ambiri amapita ku CDSS (Community Day Secondary School), sekondale yoyendera ya m'dera, yoyandikana ndi pulayimale yawo. Palinso gulu lalikulu la ana amene akhoza bwinobwino koma dzina lawo lilibe sukulu kutsogolo kwake, chifukwa malo a Fomu 1 ndi ochepa. Vutoli linakula kuyambira 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere: ana anasefukira m'makalasi, koma sekondale sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mu 1998 boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE, koleji ya maphunziro apatali, aja tinkawatchula kuti ma DEC, kukhala ma CDSS, ndipo n'chifukwa chake lero sukuluzi ndi zochuluka kuposa mtundu wina uliwonse wa sekondale za boma.

Ndiye kusankha kwathu makolo kumayamba mayina atatuluka kale. Kodi tivomere kumene mwana wapatsidwa? Tipemphe kusamutsa? Timulipirire open, maphunziro a masana a ana osasankhidwa? Abwereze? Ngati sukulu ili kutali, akagona kuti?

Bodingi ya boma

Sekondale za nashonolo za boma lenilenilo zilipo zinayi: Blantyre Secondary School, Dedza Government ya anyamata, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government. Mwana wanu akaitanidwa kumeneko palibe zokambirana zambiri, gulitsani mbuzi apite. Pansi pake pali sekondale zogonera za m'maboma, ndipo mwana wanga woyamba, wamwamuna, anasankhidwira ku imodzi mwa izo.

Chimene bodingi imapatsa mwana si chakudya kapena bedi, ndi nthawi. Sayenda mtunda, satunga madzi a panyumba, satumidwa kuchigayo. Madzulo belu likalira amalowa pulepu, amawerenga pansi pa getsi limodzi ndi anzake amene nawonso anali oyamba m'masukulu awo. Mpikisano umenewo umakoka mwana kuposa chikwapu. Kawirikawiri kumakhala labu, laibulale, ndi aphunzitsi amene anaphunziradi phunziro limene akuphunzitsalo, a dipuloma kapena digiri ochokera ku Domasi, ku Nalikule, ku Chancellor College kapena ku Mzuni.

Koma musaganize kuti mwana akalowa pageti ntchito yanu yatha. Kalata yoitanira imabwera ndi mndandanda wake: matiresi, bulangeti, ndowa, mbale ndi kapu, yunifolomu, nsapato zakuda, mwina khasu kapena chikwakwa. Kuwonjezera apo pali thiransipoti yopita ndi yobwera katatu pachaka, sopo, shuga, ndi kandalama kam'thumba. Mwana wanga atabwera kuholide yoyamba ndinamuyang'ana kawiri pakhomo. Kolala ya shati inali italekana ndi khosi, bulangeti limene ndinamugulira linali litasowa sabata yachiwiri, ndipo kwa mwezi wathunthu ankachapira anyamata a Fomu 3 zovala poopa kumenyedwa. Sanandiuze pafoni chifukwa ankaopa kuti ndimuchotsa. Temu yotsatira ndinayamba kumukazingira chimanga ndi mtedza, kumusinjira ufa wa soya wa phala, ndipo ndinapita ndekha kukadziwana ndi abodingi masitala. Zinasintha. Tizingi, kuzunza ana atsopano kotereku, ndi yoletsedwa, koma imakula pamene makolo saonekera, ndipo mwana wa Fomu 1 amene kholo lake limadziwika ku ofesi savutitsidwa kwenikweni.

Mwana wodwaladwala, wa mphumu kapena wakhunyu, muganizire kawiri. Funsani kuti chipatala chili patali bwanji ndipo usiku amamutengerako ndani.

Za mishoni zothandizidwa ndi boma

Izi ndi sukulu za mipingo zimene boma limalipira aphunzitsi ake n'kumatumizako ana ena kudzera m'masankho a PSLCE. Akatolika ali ndi monga Likuni Boys ndi Likuni Girls ku Lilongwe, Zomba Catholic ndi St Mary's ku Zomba, Marymount ku Mzuzu, Providence ku Mulanje, Ludzi ku Mchinji ndi Chaminade ku Karonga. A CCAP ali ndi monga Robert Blake ku Dowa, William Murray ku Nkhoma, HHI ku Blantyre ndi Ekwendeni Girls. A Anglican ali ndi Malosa ndi St Michael's ku Malindi. Zambiri mwa izi mayina ake samasowa pakati pa sukulu zochita bwino pa MSCE, mayeso a Fomu 4.

Chimene makolo ambiri akumudzi sadziwa n'chakuti malo ena pa sukuluzi amadzazidwa ndi eni ake a mpingo kudzera m'mayeso awoawo olowera. Mwana wanzeru amene boma lamuponya kwina angathe kuyesa mwayi kumeneko, bola mumve msanga tsiku la mayesowo kudzera ku parishi kapena kwa abusa. Mwambo umakhala wokhwima, mapemphero ndi gawo la tsiku, ndipo ndalama zake nthawi zambiri zimaposa za bodingi ya boma. Werengerani zaka zonse zinayi musanayambe. Kuchotsa mwana ku mishoni ali Fomu 3 chifukwa thumba labooka kumamupweteka kwambiri kuposa kumuyambitsa pa sukulu yapafupi n'kumalizira pomwepo.

Zoyendera za m'tauni

Chichiri ku Blantyre, Bwaila ku Lilongwe, Katoto ku Mzuzu ndi zina zotere zili ndi aphunzitsi okwanira ndi zipangizo, ndipo mwana amagona kwanu, mukumuona. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba ndi minibasi kapena kabaza wa tsiku ndi tsiku, amene pakutha pa temu angathe kudya ndalama yofanana ndi ya bodingi. Lachiwiri, sukulu zambiri za m'tauni zimaphunzitsa magulu awiri, ena m'mawa ena masana, ndiye mwana amakhala ndi theka la tsiku m'manja mwake inu muli kuntchito kapena kumsika. Ngati pali womuyang'anira nthawi imeneyo, iyi ndi njira yabwino kwambiri.

CDSS: apa ndi pamene pagona nkhani

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ataona kuti dzina lake lili pa CDSS analira tsiku lonse osadya. Anzake ena ankati "wapita ku MCDE", mawu amene amanenedwa monyoza mpaka lero. Inenso mumtima ndinakhumudwa, sindibisa. Koma patapita zaka zinayi ndinaphunzira kuti mawu akuti CDSS amaphimba sukulu zosiyana kwambiri. Ilipo CDSS ya midadada iwiri, aphunzitsi asanu, yopanda labu, kumene buku limodzi la Biology amagawana ana khumi. Ilinso CDSS ina yomangidwa bwino, ya labu, laibulale, magetsi a sola ndi nyumba za aphunzitsi, imene imatumiza ana ku yunivesite chaka ndi chaka. Zonsezi papepala la masankho zimalembedwa ndi zilembo zinayi zomwezo.

Choncho musaweruze muli pakhonde panu. Valani nsapato mupite, makamaka tsiku la sukulu nthawi ya m'mawa, osati Loweruka. Ine ndinafika cha m'ma 9 koloko ndipo ndinaima kaye pansi pa mtengo wa mango ndisanalowe mu ofesi. Ndinkafuna kuona ngati ana ali m'makalasi kapena akungozungulira panja, ndiponso ngati mukumveka mawu a mphunzitsi. Pa makalasi anayi, atatu munali aphunzitsi. Ndinazungulira kuseri kukaona zimbudzi za atsikana: zinali ndi zitseko, ndipo mjigo unali pafupi. Kwa mwana wamkazi zimenezi si nkhani yaing'ono, chifukwa kumene kulibe madzi ndi malo obisika amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo pakutha pa chaka masikuwo amakwana mitu yathunthu ya Masamu.

Kenako ndinalowa kwa ahedi ndi mafunso anga. Ndinafunsa kuti chaka chatha analemba MSCE ndi angati, anakhoza angati, ndipo woyamba anapeza mapointi angati. Ndinafunsa ngati Physics ndi Chemistry amaphunzitsa mpaka Fomu 4, ndiponso kuti amaphunzitsa ndani. Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse, chifukwa sukulu zina zosowa aphunzitsi ndi zipangizo zimasiya maphunzirowa mwakachetechete, ndipo mwana wofuna unamwino, udokotala kapena uinjiniya amadzazindikira ali Fomu 4 kuti khomo linatsekedwa kalekale. Mayeso a sayansi a MSCE ali ndi gawo lochita ndi manja, ndipo mwana amene sanagwirepo chipangizo amanjenjemera tsiku la mayeso ngakhale akudziwa zolemba. Mphunzitsi wamkulu wodzidalira amayankha mafunso awa mosavuta, mwinanso amakutulutsirani kaundula. Amene ayamba kuzungulira, kapena kukwiya kuti mukumufufuza, wakuyankhani kale.

Kumbukirani kuti mayeso ndi amodzi dziko lonse. JCE ya Fomu 2, imene inathetsedwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021, ndi MSCE ya Fomu 4, pepala lake n'lomwelo kwa wa ku Dedza Government ndi wa ku CDSS ya kumudzi. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9, mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, ndipo kuti apikisane nawo pa malo a ku yunivesite za boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Chingerezi chimenechi ndicho chimagwetsa ana ambiri a m'ma CDSS, chifukwa kunja kwa kalasi sachimva paliponse. Mwana wanga ndinkamubwerekera mabuku a nthano kwa aphunzitsi opuma pantchito a m'mudzi mwathu, ndipo wailesi ikamawerenga nkhani za Chingerezi madzulo ankakhala pafupi ndi kope. Iye ndi anzake anayi ankakumana Loweruka lililonse m'kalasi ya pulayimale kuyankha mapepala a mayeso akale. Anakhoza ndi makirediti okwanira, ndipo lero ali ku koleji ya zauphunzitsi.

Mdani wamkulu wa CDSS, kuposa kusowa kwa mabuku, ndi mtunda. Mwana woyenda maola awiri kupita, maola awiri kubwera, wopanda kanthu m'mimba, amafika m'kalasi kukagona. Nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza sawoloka. Pobwerera madzulo mtsikana amadutsa m'minda ya chimanga yekha. Ngati mtunda uli woti njinga ingathandize, njinga ya kapalasa ndi ndalama yogwiritsidwa bwino kuposa maphunziro apadera alionse, bola ikhale ya mwanayo, osati yoti abambo azitengera kumsika Lachitatu lililonse. Ndipo panyumba pamafunika kugwirizana: mwana wa sekondale yoyendera akafika asapeze mitsuko, mbale ndi mwana wobereka zonse zikudikira iye. Mlongo wake wamwamuna nayenso ali ndi manja.

Selofu

Mtunda ukakanika, makolo ambiri amathamangira kumupezera mwana kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira yekha, zija timati selofu. Pa njira zonse zimene ndatchula, iyi ndi imene ndimaiopa, ndipo ndikunena ndi mtima wonse chifukwa ndinaiyesa.

Mwana wa mng'ono wanga uja anasankhidwira ku CDSS ya kutali ndi kwathu, yopanda hositelo. Ndinamupezera chipinda pa tiredingi senta, kuseri kwa golosale, pamodzi ndi atsikana ena awiri. Ndinamusiyira ufa, nyemba, kapenta pang'ono ndi makala, n'kubwerera ndili wokhutira. Patatha milungu isanu ndinapita osamuuza. Ndinapeza chitseko chimatsekedwa ndi msomali wopinda, zenera lotchingidwa ndi katoni, ndipo khoma limodzi linali logundizana ndi malo oonetsera mafilimu amene ankaphokosera mpaka pakati pa usiku. Ufa unali utatha kale chifukwa ankadya atatu, pamene anzakewo kwawo kunali kusanabwere kanthu. Pawindo panali sopo wonunkhira ndi mafuta odzola amene ine sindinagule. Nditafunsa, anandiuza kuti mnzake anapatsidwa ndi mnyamata wa kabaza. Mnzakeyo sanamalize Fomu 2.

Ana amenewa si oipa. Ndi ana a zaka 14 kapena 15 amene tawasiya okha ndi njala pakati pa amuna okhala ndi ndalama m'thumba. N'zoona kuti kuyambira 1993 malamulo amalola mtsikana amene wachembeza kubwerera kusukulu, koma obwereradi ndi ochepa, ndipo amabwerera ndi katundu wolemera. Anyamatanso selofu imawawononga mwa njira yawo: mowa, chamba, juga ya mpira.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa abusa a m'deralo, ndipo anandilozera kwa mayi wina wamasiye wa Mvano amene ankakhala ndi zidzukulu zake pafupi ndi sukulu. Tinagwirizana kuti ndizipereka thumba la chimanga ndi kandalama ka ndiwo, mwanayo azigona m'nyumba mwawo ngati mdzukulu wawo. Ndalama yake sinasiyane kwenikweni ndi ya lendi ija. Ngati simungachitire mwina koma selofu, nyumba ikhale mkati mwa mpanda wa banja lodziwika, mwini wake akhale mayi wogona pomwepo, aphunzitsi ndi a gulu la amayi a pasukulu adziwe kumene mwana akukhala, ndipo inu muzifika mosayembekezereka. CDSS imene ili ndi hositelo ya atsikana yokhala ndi matironi, ngakhale ikhale yosaoneka bwino, ndi yoposa chipinda chilichonse cha pamsika.

Open

Mwana amene wakhoza koma sanasankhidwe ali ndi khomo la open. Amaphunzira m'makalasi omwewo a sekondale ya boma, ndi aphunzitsi omwewo, koma masana osankhidwa akaweruka, ndipo amalipira. Mayeso a MANEB amalemba omwewo. Ubwino wake ndi wakuti apa kholo limasankhadi sukulu, ndipo open ya pa sekondale yokhazikika imamufikitsa mwana kwa aphunzitsi ndi labu zimene CDSS yofooka ilibe. Kuipa kwake, maola ndi ochepa, aphunzitsi amakhala atatopa kale ndi gulu la m'mawa, makalasi amadzaza mpaka pakhomo, ndipo kalondolondo wa ojomba ndi wochepa. Mwana wodziyendetsa yekha, amene m'mawa angakhale pansi n'kuwerenga, open imamutulutsa bwino. Mwana wofuna kukankhidwa amasochera, chifukwa m'mawa wonse ndi wake ndipo palibe womufunsa. Ganiziraninso za ulendo wobwerera, popeza m'miyezi ya Juni ndi Julayi amaweruka kunja kukuda.

Ndikaika pa sikelo CDSS yabwino yapafupi ndi open ya pa sukulu yotchuka, ine ndimatenga CDSS. Koma CDSS ikakhala yopanda aphunzitsi a sayansi ndipo mwana ali wakhama, open imapambana.

Kubwereza Sitandade 8

Makolo ena amakana malo a CDSS kuti mwana abwereze, chaka chamawa akapeze bodingi. Nthawi zina aphunzitsi a pulayimale ndiwo amalimbikitsa. Zimathekadi kwa mwana wamng'ono, wa zaka 12 kapena 13, amene ankakhala m'gulu la oyamba ndipo anaphonya pang'ono, makamaka ngati anadwala kapena panagwa maliro nthawi ya mayeso, ndiponso ngati iye mwini akufuna. Koma mtsikana wa zaka 16 kumubweza kuti akakhale ndi ana aang'ono, anzake atavala yunifolomu ya sekondale, ndi kumukankhira kubanja. Palibenso chitsimikizo chakuti chaka chamawa zidzayenda. Ndikudziwa ana amene anabwereza kawiri n'kudzapatsidwa CDSS yomweyo. Musanaganize zobwereza dikirani kaye masankho achiwiri, amene amadzaza malo a ana amene sanapite kumene anaitanidwa.

Kusamutsa, ndi anthu ogulitsa malo

Kusamutsa mwana kumadutsa kwa ahedi a sukulu zonse ziwiri ndi ku ofesi ya chigawo cha zamaphunziro. Zigawozi zilipo zisanu ndi chimodzi, ndipo maofesi ake ali ku Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Zomba, Blantyre ndi Mulanje. Chimene chimatheka ndi kusamukira ku sukulu ya mlingo womwewo pa chifukwa chomveka, monga banja kusamuka kapena matenda. Kuchoka ku CDSS kulumphira ku nashonolo si kusamutsa, ndipo munthu akakuuzani kuti ali ndi "njira" mukangomupatsa kenakake, gwirani thumba lanu. Mnansi wanga anapereka ndalama ya fodya wa chaka chonse kwa munthu wotere. Mwana analowadi m'kalasi, anagona ku hositelo matemu awiri, koma atabwera oyendera sukulu dzina lake silinapezeke m'kaundula wa osankhidwa. Anabwezedwa ndi katundu wake pamutu, malo ake a ku CDSS atapatsidwa kale wina.

Za ndalama

Mu 2018 boma linachotsa fizi ya maphunziro m'sekondale zake, koma ndalama ya chitukuko cha sukulu ndi ya bodingi zinatsala, ndipo zimenezo ndizo zinali zolemera. Boma limene linalowa mu 2025 linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 sekondale za boma zikhala zaulere. Ngakhale zili choncho, yunifolomu, makope, nsapato, thiransipoti ndi chakudya cha mwana woyendera zimachokerabe m'thumba mwanu, ndipo open ndi malo a mpingo pa sukulu za mishoni zili ndi malipiro akeake. Pitani ku ofesi mukafunse chimodzichimodzi zoyenera kulipira pa sukulu imeneyo, ndipo chilichonse mwapereka mutengere lisiti.

Ngati mwana ndi wamasiye kapena banja lilibiretu pogwira, musadikire kuti abwezedwe kaye. Sabata yoyamba yomweyo kaonaneni ndi ahedi kuti dzina lake lilowe pa mndandanda wa ofuna thandizo, ndipo kalata ya amfumu ikhale m'manja. Makhonsolo a maboma amapereka mabasale kudzera ku ofesi yosamalira anthu, ndipo bungwe la CAMFED limathandiza atsikana m'maboma angapo. Mayinawa amatengedwa kumayambiriro kwa chaka. Mwana wa mng'ono wanga ndinachedwa kumulembetsa ali Fomu 1 chifukwa sindinkadziwa, ndipo thandizo analipeza ali Fomu 2, nditapita ndi chikalata cha imfa ya mayi ake ndi kalata ya a gulupu tsiku lachiwiri sukulu itangotsegulidwa.